Khitchini Yamdima ya Amake Josiah

Tsiku limene Josiah ananena kuti akufuna kupaka penti m'khitchini, amake anasiya kukanda ufa, manja ali mbuu m'beseni, n'kutembenukira kumene kunkachokera mawu.

"Penti?"

"Ee, amai, penti. Si ndimwe mudandaula masiku onse ati muli mdima? Ba Kasoma bali na penti inasala ku nchito ina. Bazabwela pa Mande, musankhe mweka mtundu wamene mufuna."

Penti! Chaka chimenecho anthu a mu komboni ya George ankagula ufa wa m'timapepala, wongokwana kudya kamodzi, ndipo amuna athanzi lawo ankakhala m'mbali mwa ngalande kuyambira m'mawa akuonerera mabasi odutsa. Ndiye munthu wochotsedwa ntchito angodzuka ndi chifundo cha penti? Ayi ndithu, amake Josiah sanabadwe dzulo. Anangoti, "Chabwino, abwere," n'kubwezera manja m'ufa.

Dzina lawo linali Mainess, ngakhale ndi abusa okha amene ankalitchula, nawonso akamawerenga m'buku. Anachoka ku Katete ali ndi mimba ya Josiah yemweyo, ndipo nyumba ya mu George anaimanga ndi malemu amuna awo, buloko limodzi mwezi uno, awiri mwezi wamawa. Khitchini inali kachipinda ka kumbuyo, ka zenera limodzi loyang'ana kotulukira dzuwa. M'menemo ndimo ankakazinga zitumbuwa zogulitsa pa kantemba ka kumsewu, ndipo panalibe mkazi wina amene anaikapo poto pa mbaula yawo asanapemphe.

Kenaka kampani ya mabasi kumene Josiah ankagwira ntchito inatsekedwa. Anabwerera kwa amake ndi mkazi wake Ketty, matilesi ali pamutu, ndipo ndi kandalama kamene anam'patsa pomuchotsa anamanga zipinda ziwiri za lendi kuseri. Khoma la zipindazo linaima pafupi ndi zenera la khitchini, mpata wake wongodutsa mphaka. Kuyambira pamenepo dzuwa silinalowenso m'khitchini. Amake Josiah anakalipa mwezi wathunthu, George yense anamva.

Koma tinene zoona, popeza iwo sakananena: khoma limenelo anadzalikonda. Panali mdima wina umene Josiah sanamange. Unayamba ndi diso lamanzere, ngati utsi wa makala osapsa bwino, kenaka unalowa ndi lamanja lomwe. Nkhope za anthu zinafufutika, anatsala ndi mawu okha owazindikirira. Akachoka padzuwa n'kulowa m'nyumba, ankakhala ngati awaveka thumba kumutu mpaka nthawi yoti madzi a tiyi n'kuwira, ndipo pokhapo m'pamene zinthu zinkayamba kuoneka mwa apo ndi apo. Sanauze munthu. Akalakwitsa kanthu, khoma la Josiah linalipo loti alinamizire.

Chifukwa chobisira chinalipo, ndipo chinali ndi dzina: Marjory, mkulu wawo wa ku Matero. Marjory atachita khungu, ana ake anam'gulira chitenje chatsopano n'kumukweza basi ya ku Katete, ati akapume kumudzi kuli mpweya wabwino. Sabata isanathe, m'chipinda chake munalowa munthu wa lendi. Kumudziko onse amene ankam'dziwa anali atapita kale kumanda. Otsalawo ankamutcha agogo a ku tauni, ankamuika padzuwa m'mawa n'kumuiwala pomwepo. Sanathe chaka. Amake Josiah anakaika maliro amenewo, ndipo pobwerera analumbira chamumtima kuti iwo adzatuluka m'nyumba yawo ya mu George atagona m'bokosi.

Ndiye mwezi wa Juni nsonga ya chitenje chawo inagwira moto pa mbaula, iwo osaona. Anathamanga ndi ndowa ya madzi ndi Ketty. Tsiku lomwelo Josiah anakhala pa mpando wa malemu bambo ake n'kulankhula mofatsa, kufatsa kuja kumene kumaopsa kuposa kukalipa.

"Amai, ngati ni maso, kambani chabe. Nizalembela amalume ba Lazarous ku Katete, mukapumule kuja. Muno muli bana ba banthu ba lendi. Tingapse tonse."

"Maso a ndani? Ndi mdima! Mdima umene unamanga ndiwe ndi manja ako awiriwo. Undibwezere zenera langa uone ngati ndingapsenso."

Tsiku limenelo nkhani inathera pomwepo. Ndiye lero, patapita masabata atatu, akuti penti. Kodi pamafunika sukulu kuti munthu aone kumene nkhaniyi ikulowera? Awalitse khitchini, kuti amake akadzalakwitsanso pasadzakhale pobisala. Ndipo nzeru zimenezi, amake Josiah anali otsimikiza, sizinali za Josiah. Mwana wawo ankam'dziwa: mtima wabwino, koma mutu wochedwa, sangatchere msampha ngakhale wa mbewa. Wotchera anali mpongozi.

Ketty anabadwira ku Chawama, khasu sankalidziwa n'komwe. Anali wolankhula pang'ono, woyenda mosamveka, woti ukatembenuka umangom'peza ali kumbuyo kwako. Masiku amenewo anali atayamba kugwiragwira zinthu za m'khitchini. Botolo la parafini linasamuka lokha, kuchoka pafupi ndi la mafuta ophikira kupita kuseri kwa chitseko. Botolo la mchere linapezeka litamangidwa kachingwe pakhosi, la shuga ayi. Amake Josiah atakhudza kachingweko, nthawi yomweyo anaganiza za ufiti. Kumanga mchere wa apongozi ako! Ku Katete nkhani yotere imafika kwa ankhoswe. Anakadula n'kukaponya m'chimbudzi, m'mawa mwake kanalipo kena. Pomaliza anakasiya, chifukwa kunena zoona kankawathandiza kusiyanitsa mabotolowo, koma ankakapempherera kaye asanatsegule.

Lolemba anafika ba Kasoma, Mbemba wamtali wa mawu aakulu, amene kale ankapaka penti mabasi kukampani komwe kunali Josiah, koma tsopano ankayenda ndi burashi m'thumba kufunafuna ganyu. Anabwera ndi chitini cha penti woyera ndi kabotolo ka mankhwala obiriwiritsa, chifukwa Josiah anali atawauza kuti amake amakonda mtundu wobiriwira. Amake Josiah anatchera khutu. Anamva penti akuthiridwa pa zivundikiro zitatu, anamva kamtengo kakutakasa, anamva nsanza ikupukuta mwaye pakhoma, kenaka burashi, shwa, shwa, katatu.

"Bamayo, onani. Girini zitatu. Sankhani."

Anayang'ana. Panali khoma lakuda, basi. Mwina chakumanzere kunali kanthu kotuwirako, mwinanso ayi. Pakhomo Josiah ankapuma mwamphamvu monga mwa chizolowezi chake. Ketty sankamveka, ndiye kuti analipo.

Koma Mulungu si Kasoma. Anthu a kum'mawa ndi Abemba ali pa chimbuya, amatukwanana mwanthabwala ngakhale pamaliro popanda wokwiya, ndipo amake Josiah anagwira pamenepo.

"Iwe Mbemba, unazolowera kusankha anyani m'mitengo, za mitundu ukuzidziwa iwe? Tatchula ndimve ngati unaphunzira. Uyambire kumanzere."

Ba Kasoma anaseka mpaka malata ananjenjemera. "Aba bakudya mbeba! Chabwino, mvelani. Uyu wa kumanzele ni monga kabichi ya mukati, woyela-yela. Wapakati ni monga repu. Uyu wothela ni monga masamba ya mango yakale, ya pansi pa mtengo. Manje ine monga wa nchito nikamba kuti khitchini ya mdima ifuna wa kabichi. Kakuwala kang'ono kakangena pa chitseko, penti yowala imakaponya ku vipupa vonse. Yakuda imakamwa."

"Naine naona wa kabichi ni wabwino, amai," anatero Ketty chapansipansi, kumbuyo kwenikweni kwa khutu lawo. "Muzayamba kuiona bwino mbaula."

Ehe! Mwamva? Muzayamba kuiona bwino. Khoswe wadziulula yekha.

"Ndikufuna wa mango," anatero amake Josiah, n'kutambasula dzanja kuloza.

Chala chinapita patali, chinakaloza mwaye wopanda penti pafupi ndi kona. Pomwepo Ketty anawagwira chigongono ngati akuwachotsa kanyerere, n'kulikankhira dzanjalo pang'ono chakumanzere.

"Uyu, amai? Wa mango uyu?"

"Ndisiye! Dzanja ndili nalo langa." Analanda mkono wawo. Mwana wa ku Chawama kuwagwira ngati nkhalamba yowolotsedwa msewu, pamaso pa mlendo! Ketty ankafuna Josiah aone, basi, palibenso china.

Josiah anakanda m'mutu, zinamveka. "Amai, mudandaula mdima, manje musankha mdima futi?"

"Iwe unaphikapo? Wa kabichiyo m'patse masabata awiri pa utsi wa mbaula, adzaoneka ngati nsanza yopukutira mapoto. Ntchentche iliyonse idzasiyapo dzina lake. Wa mango amabisa. Bambo ako anapaka wotere chaka chimene unayamba sukulu, anakhala mpaka unamera ndevu. Komanso ndifunse: khitchini ino ndi ya ndani?"

"Pa za utsi, bakamba zoona bamayo," anavomereza ba Kasoma.

Josiah anausa moyo. "Chabwino. Wa mango. Tizapenta pa Chinai, imwe muli ku Chigwilizano, kuti fungo isakuvuteni pa chifuba."

Lachinayi, iwo kulibe. Mwaona kukonza kwake? Amake Josiah anakhala ndi mawu amenewo Lachiwiri lonse, akuwatembenuzatembenuza ngati chitumbuwa m'mafuta. Akhoza kupaka wa kabichi iwo ali kutchalitchi, n'kukhala chete kuti aone ngati azindikira. Akayamikira wa kabichi poyesa ndi wa mango, kalata yapita. Akakalipira wa mango poyesa ndi wa kabichi, kalata yapitanso. Kujomba ku Chigwirizano sikukanatheka. Sabata imeneyo pemphero lotsegulira linali lawo, ndipo munthu amene sanajombepo zaka makumi awiri akajomba chifukwa cha penti, aliyense amafunsa.

Lachitatu m'mawa anatseka kantemba n'kutsika kumsika. Njira ankaidziwa ndi mapazi: pampopi pamene amayi amakangana ndi zigubu, pa chigayo, pa ngalande ya matabwa awiri. Ba Kasoma sanavute kuwapeza, mawu awo ankamveka kuchokera ku mashedi a kapenta.

"Mbemba, tabwera kuno. Mawa upaka uti?"

"Wa mango, bamayo. Si ndiye munasankha?"

"Lumbira."

"Iyee! Pa penti chabe? Chabwino, pali Lesa. Ine nimachita vamene mwine wa khitchini wakamba. Ngakhale ni mistake, ni mistake yanu."

"Mpongozi wanga anabwera kwa iwe?"

Ba Kasoma anazengereza pang'ono, ndipo amake Josiah anakumva kuzengerezako.

"Anabwela dzulo. Koma sanakambe va kabichi iyai. Anapempha chabe kuti penti yoyela ikasala, nilembe mzele pa sitepe ya pakhomo, na wina wozungulila pamene pankhala mbaula."

Mzere woyera! Pakhomo ndi pamoto! Kachingwe pa mchere sikanakwane, tsopano akufuna kuwazunguliza ndi mizere ngati munda wa munthu wokhwima. Kapenanso, ndipo ichi ndicho chinawalasa kwambiri, akufuna aliyense wolowa afunse kuti mizere iyi ndi ya chiyani, iye n'kuyankha ndi kamawu kake kaulemu kaja kuti ndi ya amayi, saona bwino masiku ano.

"Ukalemba mzere m'nyumba mwanga, burashiyo udzaidya," anatero. "Wandimva?"

"Namva, bamayo. Kulibe mzele."

Anabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Mbemba walumbira, ndiye kuti ndi wa mango. Chotsala chinali kukonza mawu. Kungoti "zili bwino" sikukanakwana, wakhungu aliyense angatero. Pankafunika kulankhula ngati munthu woona, kuyamikira apa, kudzudzula apo, kuti Josiah amve ndi makutu ake kuti maso a amake akugwira ntchito kuposa ake. Anawayeseza mawuwo akukazinga, anawayesezanso akutsuka beseni. Ngakhale Lachinayi m'tchalitchi, amayi anzawo akuimba, iwo milomo inkayenda ndi za penti, Mulungu awakhululukire.

Anaweruka dzuwa litapendeka pang'ono koma likadali lakuthwa, lija la mwezi wa Julayi lowala popanda kutentha, fumbi lili kobo m'misewu. Anayenda ndi bulauzi yawo yoyera ndi siketi yakuda, Baibulo kukhwapa, maso akutuluka misozi chifukwa cha kuwala. Asanafike n'komwe pa mpanda anamva fungo la penti. Ndipo pa mpanda pomwepo panali munthu.

"Amai." Anali Ketty, akunong'ona. "Imani pang'ono. Musangene manje. Nkhalani pa mthunzi apa, nikupatseni manzi, maso yapumule."

Maso apume? Amake Josiah anaima njii.

"Wati chiyani?"

"Nifuna nikuuzeni chabe, ba Kasoma lelo banapeza kuti..."

"Choka apa."

"Napapata, amai. Mukangena musakambe kanthu. Nkhalani chabe zii, ine nizakamba."

Taonani mwana uyu! Akhale chete m'khitchini yawo, kuti Josiah adzati amayi analowa osanena kanthu chifukwa sanaone kanthu. Kapena awanong'oneze bodza pa mpanda, iwo akalibwereze m'kati, anthu aseke. Ayi, msampha umenewu anauona ngakhale ndi maso awo omwewo. Anam'kankha Ketty ndi Baibulo, anazungulira nyumba dzanja likukhudza khoma, anakweza phazi pa sitepe ndi kulowa.

Thumba lija linawagwera kumutu nthawi yomweyo. Bii. Munali fungo lokha, loluma m'mphuno, ndi kutsokomola kwa ba Kasoma chakumanja, pamwamba, ngati aima pa tebulo. Anadziwa kuti akanadikira pang'ono, koma kumbuyo kunkamveka mapazi a Ketty akubwera mothamanga, koyamba m'moyo wake kuyenda momveka, ndipo sanafune kuti awatsogolere kulankhula.

"Eyaa!" anatero mokweza, manja m'chiuno, mutu ukuyenda uku ndi uku ngati woyendera sukulu. "Uyu ndiye penti! Mbemba iwe, lero wagwira ntchito, anyani akupatse tchuthi. Taonani kubiriwira kwake, tsamba la mango lenileni, ngati lija anapaka malemu. Ndinanena ine! Wa kabichi uja akanafika apa? Koma pakona apo wadutsa kamodzi, kubiriwira kwake n'kochepa. Ubwerezenso, usandinamize ine."

Penti ankadontha kuchokera ku burashi kugwera pa nyuzipepala, tho, tho.

"Bamayo..." anayamba ba Kasoma, mawu aakulu aja atachepa.

Ketty anaseka. Kunali kuseka kouma, kokankha. "Amai baseka chabe, ba Kasoma! Ni chimbuya. Bakunyozani ati mwachedwa na nchito."

"Aa! Ee, ee!" ba Kasoma anailandira msanga, nawonso akuseka mokweza kuposa muyeso. "Aba ba kum'mawa! Munganiphe na nthabwala, bamayo. Nagwa nayo!"

Pamenepo chitseko chinali chotsegula, akanangoseka nawo n'kutulukira pomwepo. Koma amake Josiah anangomva chinthu chimodzi: mpongozi akuwalankhulira, akusandutsa mawu awo nthabwala, kuti umboni wonse umene anaukonza masiku awiri upite m'madzi.

"Ndikuseka ndi ndani? Iwe Ketty, usandiike mawu m'kamwa, sindine mwana wako. Ine ndikunena zimene ndikuona. Khoma ili ndi lobiriwira ngati tsamba la mango, ndipo pakona apo mpofunika kubwereza. Ndatha."

"Amai."

Mawuwo anachokera pansi, pafupi ndi mawondo awo, poti akanatambasula dzanja akanagwira mutu wake. Anali Josiah. Anali atanjuta pamenepo nthawi yonseyi, akupala madontho a penti pa simenti.

"Amai, khoma ni yoyela."

Anamva mpeni wopalira ukuikidwa pansi pang'onopang'ono.

"Ba Kasoma banapeza kuti mwaye wangena maningi mu pulasitala. Bakapaka girini pamwamba, mwaye uzatulukila. Ati tiyambe na yoyela kabili, iume, girini ni mailo, pa Chisanu. Kabotolo kaja lelo sitinakatsegule na kutsegula." Anayang'ana amake. "Nankhala pano pa mendo yanu kuchokela pamene munangena. Siketi yanu yanikhudza kumaso. Simunanione."

Amake Josiah anatsegula pakamwa. Anafuna kunena za mdima, za zenera, za khoma la lendi, mawu aja amene anawatumikira chaka chathunthu, koma sanabwere. Ndipo ngati kuwanyoza, thumba lija linayamba kuchoka. Pang'onopang'ono kunayamba kutuwa kutsogolo kwawo, kumanzere, kumanja, pamwamba. Khitchini yonse inali mbee. Chiimikireni zipinda za lendi, inali isanawalepo chotero.

Josiah anaimirira. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino, akanam'bwezera. Mawu ake ankanjenjemera ngati tsiku limene anaika bambo ake.

"Ketty, iwe unali kudziba?"

"Ee."

"Kuchokela liti?"

"Pa Isitala."

"Miyezi inai! Na moto uja unazima na manja yako, unankhala chabe zii?"

"Nikanakamba, mukanalemba kalata." Ketty ankalira tsopano, koma mawu ankatuluka bwinobwino, ambiri kuposa onse amene amake Josiah anamumvapo chikwatiwire. "Bangankhale, ba Josiah. Ine nizankhala pa mbaula, beve bazikanda chabe, manja yao yadziba. Nizabapeleka ku chipatala, banthu bakamba ati ng'ala bamachotsa. Ku Katete kuli ndani wamene azabayang'ana? Mufuna vichitike monga vinachitikila ba Marjory?"

"Na ukapita ku pompi? Na ukadwala? Muli bana batatu kuseli uku, Ketty. Chipatala ukamba, mankhwala ya mutu chabe kulibe." Anapukuta manja pa buluku, kwanthawi yaitali, ngati pentiyo sakuchoka. "Amai, munanibisa. Nikanapeza nyumba yapsa na imwe mukati, nikanakamba chani ku banthu? Mapepala yolembela kalata yali kuti?"

"Sinidziba," anatero Ketty.

"Nizagula."

Anadutsa pafupi ndi amake mosamala, osawakhudza, ndipo mapazi ake anamveka akuzungulira nyumba mpaka kumsewu.

Amake Josiah anaima pakati pa khitchini, Baibulo likadali kukhwapa. Manyazi anali nawo, mantha anali nawo, koma chimene chinkawawa kwambiri chinali china. Miyezi inayi mwana uyu anasunga pakamwa. Pa mpanda anawachenjeza, m'kati muno anawatsegulira potulukira, ndipo iwo anatseka ndi dzanja lawo. Akanati atukwane munthu, akanatukwana ndani?

Ba Kasoma anatsika pa tebulo mwakachetechete, anaika burashi m'chitini cha madzi, n'kuyeretsa kukhosi.

"Bamayo, munikhululukile. Manje mailo... nisakanize uti?"

Amake Josiah anatembenukira kumene Ketty ankalira.

"Wa kabichi," anatero pomaliza, mawu ali pansi. "Wophika muno aziona mbaula."

Anatembenuka kuti atuluke. Pakhomo panali kuwala kokhakokha, koyera, kopanda malire, ndipo sanadziwe pamene simenti ikuthera ndi pamene sitepe ikuyambira. Tsiku lina lililonse akanayerekeza, akanaponda molimba mtima kuti asaoneke. Anatambasula dzanja m'mwamba, chikhatho chili chotsegula.

"Ketty, mwana wanga," anatero. "Tandigwira. Sindikuona potsikira."